Bawuti ya M'thumba la Ovolosi

Tadala mwana wanga,

Ndikulemba m'Chichewa dala. Ndikalemba m'Chingerezi uwerenga mothamanga ngati uthenga wa pafoni, unena kuti "okay, Mom," nkhani n'kuthera pomwepo. M'Chichewa uchita kutsatira mawu ndi chala, ndipo ndi zimene ndikufuna. Ndili pa tebulo la kukhitchini masana ano, iwe uli m'mwambamo ukukoka makatoni ngati tikusamuka tonse. Mawa bambo ako akukuperekeza ku tauni ya Speedway kukayamba ntchito yokonza magalimoto ampikisano, ntchito imene ndakhala ndikuikana zaka zitatu mpaka malovu kuuma m'kamwa. Ndalephera, pita. Koma usanapite tikambe za bawuti ija.

Usachite ngati sukudziwa. Loweruka unakonza mabuleki a galimoto ya amayi ako a ubatizo, a Nachisale. Lolemba ndikuchapa ndinapeza bawuti m'thumba la ovolosi yako, yaitali ngati chala changa chapakati, yakuda ndi girisi. Nditakufunsa unayang'ana furiji n'kunena kuti, "It's extra, Mom," ati njongotsala chabe, uku ukukanda khutu lakumanzere. Ndakulera zaka makumi awiri ndi chimodzi, Tadala, ndipo khutu limenelo limayabwa pokhapokha ukunama. Dzulo a Nachisale anandiimbira. "Mwana wathu uja ndi katswiri," anatero. "Kungoti ndikamabuleka kukumveka kugogoda pang'ono kutsogoloku. Kaya mwina zitsulo zatsopanozo zikuzolowerana." Foni inali pa sipika, iwe unali pompo ukumwa tiyi. Unasiya kapu ili pakati n'kukwera m'mwamba. Lamlungu likubwerali mayi ameneyu akunyamula azimayi anayi a kwaya kupita nawo ku Misa ya Amalawi ku Lawrence, maola awiri ndi theka pamsewu waukulu, ndipo umadziwa mmene amayendetsera akachedwa.

Sindikunena kuti ndiwe woipa mtima. Ndikudziwa chimene chakumanga pakamwa. A Nachisale alengeza kale mzinda wathu wonse wa South Bend kuti mwana wawo wa ubatizo akupita kukagwira magalimoto othamanga, ndiye iwe ukagogode pakhomo pawo n'kunena kuti unaiwala bawuti? Pakamwa pawo tonse timapadziwa, pofika madzulo nkhaniyo idzakhala itafika ku Chicago. Ukuganiza kuti udzabwera sabata ina, udzabwereke galimotoyo mwakachetechete, udzabwezeretse popanda wodziwa. Maganizo amenewo ndikuwadziwa chifukwa unawatengera kwa ine. Make mbuu, mwana mbuu. Ndiye khala pansi umve za mayi ako.

Kulakwa kwanga koyamba pa iwe kunali kusafunsa. Unabadwa ku Dedza pa tsiku loyamba la Disembala. Agogo ako aamuna, katekisiti wa ku Bembeke, anabwera ndi kalendala ya oyera mtima m'thumba la jekete, naika chala pa tsikulo, napeza dzina la mwamuna. Sanavutike, anangolipinda kumapeto kuti limveke lachikazi, nati ndilo dzina la ubatizo. Ine ndinali ndi zowawa zanga, komanso apongozi sawatsutsa. Dzinalo sindililemba pano, ndinalonjeza. Unaliletsa m'nyumba muno uli giredi yachitatu, aphunzitsi atalitchula mokhota ana onse n'kuseka. Zaka zonsezo ndinkaganiza kuti mwini dzina anali munthu wofatsa wa mabuku, mwina dokotala. Uli ndi zaka khumi ndi ziwiri unamasula makina ochapira zovala, zitsulo mbwee pansi ponse, ine n'kupita kukadandaula kwa bambo mfumu a pa parishi yathu kuno. Anafunsa dzina lako la ubatizo. Nditawauza anaseka mpaka kuvula magalasi. Anati munthuyo anakhala zaka zoposa chikwi zapitazo m'dziko la Afulanki, kumene lero kuli Falansa. Anali wosula golide, pambuyo pake anakhala episkopi, ndipo ndiye nkhoswe ya osula zitsulo, okhoma nsapato za akavalo, ndi amakaniko. Ndinabwera kunyumba nditakwiyira anthu awiri, agogo ako ali kumanda ndi woyerayo ali kumwamba. Kalendala yonse yodzaza ndi anamwali ofatsa, chala cha apongozi anga n'kukagwera pa munthu wa nyundo. Ukafika kumeneko, Tadala, funsa. Chimene sukuchidziwa, funsa, ngakhale akuseke.

Poti ndi woyerayo anakulowetsa m'zitsulomu, ndinayamba kumufufuza kuti ndidziwe mdani wanga. Bambo mfumu anandibwereka kabuku. Akuti ali mnyamata, mfumu ya dzikolo inafuna mpando wachifumu wa golide, nimupatsa golide wokwanira mpando umodzi. Osula a nthawi imeneyo anali ndi chizolowezi chawo: zotsala ankanena kuti zadyedwa ndi moto kapena zapita ndi tupa, n'kulowa nazo m'thumba. Palibe akanamufunsa. Iye anapanga mpandowo, naona kuti golide watsala wambiri, napanga mpando wachiwiri, napita nayo yonse iwiri kwa mfumu. Anthu amakonda kunena za luso lake. Ine chimene chinandigwira n'chakuti chotsala anachitulutsa poyera, pamaso pa mwini wake. Ndikukumbutsa, chotsala chako chinali m'thumba la ovolosi.

Chaka chathu choyamba kuno, iwe uli ndi zaka zitatu, ndinaphwanya galasi lakutsogolo la galimoto ya bambo ako. Munali m'Januwale, ndinali pa shifiti ya m'mawa, iwo ali mtulo atagwira usiku. Ndinatuluka n'kupeza sinowo, chipale chofewa chija, ali mbwee, galasi lonse laundana. Mzungu wachikulire wa nyumba yoyandikana nafe anali akupala lake ndi kapulasitiki, anakakweza m'mwamba kuti ndibwereke. Ine, nesi wathunthu wochokera ku Malawi, ndioneke mbuli pamaso pa neba? Ndinamwetulira n'kukana. Ndinalowa m'nyumba, ndinawiritsa madzi m'ketulo, n'kukathira. Ndinangomva kuti thee, mng'alu kuchokera mbali ino kukafika mbali inayo. Madzulo ndinauza bambo ako kuti lole inandiponyera mwala pamsewu. Anayenda ndi mng'aluwo nyengo yonse yozizira, ndipo umadziwa wekha kuti mpaka lero akaona lole kutsogolo amaitukwana. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu madalaivala a malole akutukwanidwa chifukwa cha ketulo yanga. Ukuseka, ndikudziwa. Seka, koma uone kuti ndinanama kawiri m'tsiku limodzi: kwa neba kuti ndikudziwa, kwa mwamuna wanga kuti sindinalakwe.

Kuntchito kwakoko ukakhala mtsikana, wakuda, ndiponso watsopano. Ukafuna kuti asakuone ukulephera ngakhale kamodzi. Ndikumvetsa, ndinadutsamo. Koma galimoto imene ukaigwire mukalowa mwana wa munthu wina, n'kuthamanga nayo liwiro limene ine sindifuna n'komwe kulimva. Iyeyo sakaona zimene wachita pansi pa galimotoyo, akangokhulupirira. Ukakayikira ngati wamanga, kweza dzanja unene kuti aime. Akakutukwana, akutukwane. Tsoka silinunkha, Tadala.

Woyera wakoyo, atakula, ali kale munthu wamkulu kunyumba ya mfumu, anapempha malo oti amangepo nyumba ya masisitere. Mfumu inamupatsa, anayeza, ntchito inayamba. Pambuyo pake anazindikira kuti poyeza anapitirira pang'ono, malo okwana phazi limodzi basi. Phazi limodzi, m'dziko limene mfumu yake sinkadziwa n'komwe polekezera minda yake. Munthu wamkuluyo anasiya zonse, anapita kwa mfumu, anagwa pansi n'kupepesa ngati wapha munthu. Nditawerenga koyamba ndinati ameneyu ndiye anali wokokomeza, akanakhala mwamuna wanga akananditopetsa. Koma akuti kuyambira pamenepo mfumu inkakhulupirira chilichonse chotuluka pakamwa pake. Palinso nthano ina yoti anadula mwendo wa kavalo wovuta, nakhoma nsapato bwinobwino, n'kubwezeretsa mwendowo kavalo n'kuyenda. Bambo mfumu anati imeneyo ndi nthano chabe, ndipo ndikukupempha kuti usayesere pa chilichonse chamoyo.

Tsopano iyi ndi yomwe sindinafune kulemba. Bambo ako saidziwa. Amene anaimva ndi wansembe yekha, m'chipinda cholapira, ndiye iwe ndiwe wachiwiri. Chaka changa chachiwiri pa nyumba yosamalira okalamba, ndinkasamalira bambo wina wodwala khunyu. Kale anali dalaivala wa basi za mumzinda muno, ndipo ankandisungira maswiti kuti ndikupatsire iwe. Tsiku lina madzulo ndikugawa mankhwala, belu linalira m'chipinda china, mayi wina wagwa. Piritsi la bambo uja linali kale m'dzanja langa. Ndinaliponya m'thumba la yunifolomu n'kuthamanga. Nditabwerako mutu uli balala, ndinachonga pa pepala kuti wamwa. Ndinalipeza kunyumba ndikufuna kuchapa, monga momwe ndinapezera bawuti yako. Foni inali pakhoma apo, masitepe atatu kuchokera pomwe ndinaima. Ndikanangoimba n'kunena kuti m'patseni lina, akanandilembera chenjezo, basi. Koma ndinaganiza za mapepala athu amene anali asanakhazikike, ndinaganiza za anesi anzanga amene ankandiyang'ana ngati sukulu yanga ya ku Malawi inali ya pansi pa mtengo. Ndinadziuza kuti piritsi limodzi silingaphe munthu. Ndinaliponya m'chimbudzi n'kugujumula.

M'mawa mwake bamboyo anagwidwa ndi khunyu ali m'bafa, anagwa, anathyoka fupa la m'chiuno. Dokotala anayang'ana pepala, anaona pomwe ndinachonga, nati ndiye kuti mankhwalawa asiya kugwira ntchito, tiwasinthe. Ine ndinali chilili pambali pake, osatsegula pakamwa. Bamboyo sanayendenso, ndipo chaka chisanathe anamwalira. Kaya piritsi lija likanamupulumutsa, sindidziwa, ndipo palibe adzandiuze. Pamaliro mwana wake wamkazi anandikumbatira n'kundithokoza kuti ndinali nesi amene bambo ake ankamukonda kwambiri. Wansembe anandikhululukira kalekale, koma manja a mayi uja ndimawamvabe paphewa. Ukandiona ndikupisa m'matumba onse ndisanachoke kuntchito, kawirikawiri, mpaka anzanga kumandiseka, chifukwa chake n'chimenecho.

Ndiye ukanena kuti "It's extra," ine ndimamva mawu anga omwe.

Pali kulakwa kwina kumene ndiyenera kukupepesa. Uli ndi zaka zisanu ndi zinayi unamasula makina anga osokera, aja ndinachokera nawo kumudzi. Unawabwezeretsa wekha, kenako unabwera kukhitchini kuno dzanja lili lotambasula, m'katimo muli kasipuling'i. Nthawi imeneyo unkandiyankhabe m'Chichewa. Unati, "Amama, ndabwezera zonse koma aka katsala." Ndinali nditangoweruka, miyendo ikuwawa, ndinavula patapata n'kukukwapula, ndipo ndinakalipa mpaka neba anagogoda khoma. Mwana anabwera yekha ndi chotsala m'dzanja, zimene woyera uja anatamandidwa nazo, ine n'kumulipira ndi patapata. Kuyambira tsiku limenelo zotsala zako ndimazipeza m'matumba ndi pansi pa matiresi. Dzanja limenelo ndinalitseka ndine. Pepa, mwana wanga. Koma kupepesa kwanga sikumanga mabuleki a Nachisale.

Zina ndi zomwe umazidziwa kale, ndingobwereza poti ndiwe gonthi. Uzidya chakudya chenicheni, osati tchipisi cha m'makina. Girisi uzimuchotsa m'zikhadabo usanapite ku Misa, ndipo ku Misako uzipita, Lawrence si kutali ndi Speedway kwa munthu amene ali ndi galimoto. Akuluakulu akakupatsa moni m'Chichewa, uziyankha m'Chichewa, ngakhale chokhota, ndipo uziti "inu." Tsitsi uzimanga ukakhala pafupi ndi injini. Mnyamata aliyense amene angakuuze kuti amathamangitsa galimoto kuposa anzake, umuuze kuti mayi ako ndi nesi ndipo anaona mmene otere amafikira kuchipatala. Uziimba foni Lamlungu, kuimba ndi mawu, osati kunditumizira tizithunzi ta nkhope zoseka. Pa Disembala 1 udzapite kutchalitchi ukamuthokoze nkhoswe yakoyo, poti ine ndi iye sitinagwirizanebe kwenikweni.

Lero pa nkhomaliro ndinayesa mankhwala anga omwe ndisanakupatse iwe. Ndinawauza bambo ako za galasi lija. Ndinayamba ndi kuzungulira. Iwo anapitiriza kudya. Kenako anati, "Ketulo ndinaiona, mayi. Munaisiya panja pa sinowo." Ndinafunsa kuti nanga malole mwakhala mukuwatukwaniranji zaka zonsezi? Anati, "Ndimakuthandizani." Ndinafuna kuwaponyera supuni. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu ndasenza chinthu chimene mwini wake ankachidziwa kuyambira tsiku loyamba. Ya piritsi ndiwauza mawa tikamabwerera kuchokera kokusiya, msewu ndi wautali. Imeneyo sadzaseka, ndipo ndikuchita mantha, koma ndanena pano ndiye ndiyenera kuchita.

Tsopano tamvera. A Nachisale ndawaimbira. Sindinawauze kanthu, ndangoti, "Galimotoyo musaitulutse mpaka mwana wanu atafika m'mawa, ali ndi mawu." Anafunsa kuti mawu anji, ndinati akamva kwa mwini wake. Akuganiza kuti ukukatsanzika, ndipo akuphika mandazi. Bambo ako akuti tinyamuka teni koloko. Kwa a Nachisale ndi mphindi khumi kuchokera pano. Jeke ndi masipanala usaziike pansi pa makatoni, uziike pamwamba.

Ukapanda kupita, ndipita ndine. Galimoto imeneyo sinyamula azimayi asanu Lamlungu ili choncho, zimenezo ndiye iwala. Ndikaitengera ku galaja, ndikanena zoona, ndipo iwe ukayamba ntchito yako ku Speedway uli munthu amene amayi ake amamutolera zotsala. Sindikufuna zimenezo. Ndikufuna ukagogode wekha, ukagwade monga ndinakuphunzitsira, ukatambasule dzanja n'kunena kuti, "Amayi, ndinalakwitsa, iyi inatsala." A Nachisale akalalata, ndikuwadziwa. Akauza kwaya yonse, ndipo kwa chaka chathunthu ukamabwera ku South Bend anthu azikufunsa ngati wabweretsa bawuti. Zimenezo siziphetsa. Patapata palibe amene akuvulire ulendo uno, ndikulonjeza, ndipo ukafuna ndikakhala m'galimoto panja kukudikira.

Envulopuyi ikulemera chifukwa muli zinthu ziwiri. China ndi mendulo ya woyera wako, ali ndi chipewa cha uepiskopi kumutu ndi nyundo m'dzanja. Agogo ako anaipempha kwa wansembe wina wachifalansa uli khanda, koma inandipeza kuno mochedwa, nditamva kale za nyundoyo, ndipo ndakhala ndikuibisa m'kabati kuopa kuti ingakuwonjezere misala ya zitsulo. Sizinathandize, ndiye tenga. Kumbuyo kwake kuli dzina lija. Sindinalilembe ine, usandikwiyire.

Chinacho ndi bawuti yako. Ndaitsuka. Piritsi langa linapita ndi madzi, ndipo madzi akatayika saoleka. Iwe chako chili m'dzanja, bowo lake likadalipo, ndipo mwini galimoto ali moyo, akukazinga mandazi.

Alamu ndakutcherera seveni koloko.

Ndine mayi ako,
amene wakutopa nawe koma sakusinthanitsa ndi wina.